Pulinta yakale sinafe, pulagi yokha ndi imene yakana

Mwa katundu wochuluka amene amalowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Mwanza, makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito sasowa. Ena amabwera m'mathiraki atalongedwa bwinobwino m'makatoni, ena amabwera m'mabasi a ku Joni atakulungidwa m'mabulangete pamodzi ndi mapoto ndi mawayilesi. Mwini wake akalipira msonkho n'kufika pa kaofesi kake, chimwemwe chimakhala chodzaza tsaya. Koma chimwemwecho nthawi zambiri sichichedwa kuzilala. Akangotembenuza kompyuta ija kuti alumikize pulinta yake yakale, amapeza kuti chingwe chili m'manja koma polowetsa palibe.

Zikatere munthu amathamangira kwa wogulitsa kapena kwa mnyamata wina amene amati amadziwa za makompyuta. Yankho lake limakhala limodzimodzi: "Bwana, iyi inatha nthawi yake, ingogulani ina." Basi pulinta imene dzulo lomweli imasindikiza malisiti popanda vuto imaponyedwa pamwamba pa kabati, n'kuyamba kusonkhanitsa fumbi ndi mazira a mphemvu.

Abale anga, apa ndi pamene tikutayira ndalama chosadziwa. Makina ambiri amene tikuwatcha akufa ndi amoyo ndithu. Chimene chasintha ndi polumikizira basi, ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi kachingwe kapena kachipangizo kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi pulinta yatsopano. Pulinta, sikirini ngakhale kiyibodi sitipanga m'dziko muno, zonse timaitanitsa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu wa kabizinesi kotayipa makalata pa boma la Mwanza akataya makina amoyo, ndiye kuti wataya phindu la miyezi ingapo.

Chipata cha mapepala

Kuti timvetse chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Mwanza kuposa malo ena ambiri, tibwerere kumbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wambiri wa dziko lino anayamba kuyenda pa msewu. Mathiraki amachoka ku Harare, kudutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, kufika pa Zobue n'kulowa pa Mwanza, ndipo kwa zaka zingapo amayenda m'mizere moperekezedwa ndi asilikali. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, ndipo malonda atamasuka kuno kwathu m'zaka zotsatira, msewu uja unadzaza anthu a geni.

Pamene pali katundu wodutsa malire pamakhalanso mapepala. Fomu ya kasitomu, inivoisi, kalata ya katundu wa m'galimoto, lisiti la msonkho, zonsezi zimafuna kulembedwa, ndipo kambiri osati pepala limodzi ayi koma atatu kapena anayi ofanana. Ntchito imeneyi ndi imene inabala timaofesi ta maejenti okiliyalitsa katundu ndi timashopu totayipa ndi kujambula mapepala m'mbali mwa msewu wa M6. Poyamba zonse zimatheka ndi taipi ndi kaboni. Kenaka kunabwera kompyuta.

Bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority linayamba ntchito m'chaka cha 2000, kulowa m'malo mwa nthambi zakale za boma zoona za kasitomu ndi za msonkho wa pa malipiro. Ntchito ya kasitomu inasamukira pa pulogalamu ya ASYCUDA, imene inapangidwa ndi nthambi ya United Nations yoona za malonda ya UNCTAD. Pulogalamuyi nayo yakhala ikusintha, kuchoka pa ASYCUDA++ kufika pa ASYCUDA World imene imayendera intaneti. Nthawi iliyonse zinthu zikasintha kumtunda, wapansi amakakamizika kusintha kompyuta. Ndipo nthawi iliyonse akasintha kompyuta, funso limabweranso: nanga zipangizo zakale zija zilowa pati?

Galu wamkota sakandira pachabe

Mwa zipangizo zonse, chimene chimapweteka mtima kutaya ndi pulinta ya riboni, ija yaphokoso imene imalira ngati nyenje ikamasindikiza. Yodziwika kwambiri ndi Epson LX-300 ndi azibale ake. Achinyamata amaiseka, ati ndi ya makedzana. Koma aliyense amene analandirapo inivoisi yokhala ndi tizibowo m'mbali zonse ziwiri, pepala loyera pamwamba, lina lachikasu kapena lapinki pansi, adziwe kuti inatuluka m'makina a mtundu umenewu.

Chinsinsi chake n'chakuti pulinta imeneyi imamenya pepala. Ku mutu kwake kuli timisomali 9 timene timagunda riboni, ndipo nkhonya yakeyo imadutsa pepala loyamba n'kukalemba pa lachiwiri ndi lachitatu nthawi imodzi, monga mmene imachitira taipi. Pulinta za masiku ano, ya inki yopopera kapena ya leza, sizingathe zimenezi chifukwa sizimenya, zimangopaka pamwamba. Chinanso, riboni imodzi imalemba zilembo mamiliyoni, ndipo ikamatha siima mwadzidzidzi, imangoyamba kutuwa pang'onopang'ono, kukupatsa mpata woti ukasake ina ku Blantyre. Fumbi la mwezi wa October ndi kutentha siziiopsa kwenikweni, pamene ya inki yopopera ikangokhala masabata angapo osagwira ntchito, inki imauma n'kutseka timabowo take.

N'chifukwa chake ngakhale kampani ya Epson yomweyo sinasiye kupanga makina otere. Inatulutsa LX-350, imene kumbuyo kwake inaikako makomo atatu, awiri akale ndi limodzi la USB. Eni ake akudziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Vutoli silinayambe lero

Wina angaganize kuti mavuto a mapulagi osalowana anayamba ndi ife ogula za kaunjika. Ayi ndithu. Azungu eni ake analira nawo kalekale. Ku Britain, m'chaka cha 1982, kampani ya Clive Sinclair inatulutsa kakompyuta ka m'nyumba kotchedwa ZX Spectrum, kamene kamalumikizidwa ku wayilesi ya kanema ndipo mapulogalamu ake amasungidwa pa kaseti wamba, yonga ya nyimbo. Anthu anagula zipangizo zambiri zolumikiza kumbuyo kwake.

M'chaka cha 1986 kampani ya Amstrad inagula dzina la makompyuta a Sinclair n'kutulutsa Spectrum +2. Pa kompyuta imeneyi panali makomo olowetsa tindodo tosewerera magemu, ooneka chimodzimodzi ndi a Atari amene aliyense anawazolowera. Pulagi imalowa bwinobwino, koma kandodo osagwira ntchito, chifukwa mawaya a m'kati anali atasinthanitsidwa. Chaka chotsatira, mu 1987, Spectrum +3 inabwera itasinthidwanso mawaya ena a khomo lalikulu la kumbuyo, moti zipangizo zina zakale, kuphatikizapo ZX Interface 1 ya Sinclair yemweyo, zinakana. Anapulumutsa anthu ndi amisiri ang'onoang'ono amene anayamba kupanga timaadaputala tobwezera waya aliyense pamalo pake.

Pamene ku America kampani ya Commodore, potulutsa Commodore 128 mu 1985, inaonetsetsa kuti zipangizo za Commodore 64 ya mu 1982 zikulowa ndi kugwira ntchito. Phunziro lake ndi ili: chipangizo chakale chikakana pa kompyuta yatsopano, kawirikawiri si kuti chakalamba, koma kuti wopanga anasankha kuti chikane. Ndipo chimene munthu anamasula, munthu wina akhoza kuchimanganso.

Tsono pofuna kukwatitsa chipangizo chakale ndi kompyuta yatsopanoko, pali zinthu zitatu zoti ziyanjane: khomo, chilankhulo ndi magetsi. Tizione chimodzichimodzi.

Choyamba: khomo

Musanagule kompyuta, musakopeke ndi kuwala kwa kutsogolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Itembenuzeni muone kumbuyo, muwerenge makomo ake.

Pulinta yakale imalowa pa khomo lalitali lokhala ndi timabowo 25, limene amalitcha parallel, ndipo pa makompyuta ambiri ndi lofiirira ngati pinki. Mbali ya ku pulinta, pulagi yake ndi yaikulu, ya mano 36, yomangidwa ndi tizitsulo tiwiri m'mbali. Khomo limeneli linalipo kuyambira pa kompyuta yoyamba ya IBM PC ya mu 1981. Koma USB itabwera mu 1996, opanga anayamba kulichotsa pang'onopang'ono, ndipo pa malaputopu linasowa msanga.

Njira zothetsera vutoli zilipo zitatu. Yoyamba ndi chingwe chimene mbali imodzi chili ndi USB, mbali ina chili ndi pulagi ija ya mano 36. Pakati pake pali kachipangizo komasulira. Pa ntchito wamba yosindikiza makalata kuchokera mu Windows, chingwechi chimakwanira. Yachiwiri, ngati kompyuta yanu ndi ya bokosi, osati laputopu, mmisiri akhoza kuitsegula n'kuikamo kakhadi kokhala ndi khomo la parallel. Yachitatu, ena mwa makompyuta a bokosi ali nalo kale khomoli m'kati, pa bolodi lalikulu, pamene pali timano tolembedwa kuti LPT. Chimangofunika ndi kachingwe kotulutsira khomolo kunja.

Chenjezo lili apa. Pali khomo lina lotchedwa serial, limene masikelo ena, mamodemu ndi mbewa zakale za kompyuta zimalowapo. Lodziwika ndi la timano 9, koma lakale kwambiri linali la timano 25, kukula kwake chimodzimodzi ndi la pulinta. Kusiyana kwake n'kwakuti pa kompyuta, la pulinta ndi lachikazi, la timabowo, pamene la serial ndi lachimuna, la timano. Ena akaona kuti sizikulowana amagula kachitsulo kosintha chachimuna kukhala chachikazi n'kukakamiza. Kumeneko ndi kuotcha makina, poti mphamvu ya magetsi yoyenda m'makomo awiriwa ndi yosiyana. Kulowa kwa pulagi si umboni woti zagwirizana.

Kiyibodi nayo ili ndi mibadwo yake itatu. Yakale ili ndi pulagi yaikulu yozungulira ya timano 5. Mu 1987 IBM inabweretsa yaing'ono ya timano 6 yotchedwa PS/2, imene pambuyo pake inapatsidwa mitundu: yapepo ya kiyibodi, yobiriwira ya mbewa. Pakati pa yaikulu ndi yaing'onoyi, kaadaputala ka mawaya okhaokha kamakwanira pa makiyibodi ambiri, chifukwa chilankhulo chawo n'chimodzi. Koma kuchoka pa PS/2 kupita pa USB pamafunika adaputala yokhala ndi ubongo m'kati, kawirikawiri imakhala ya michira iwiri, wapepo ndi wobiriwira. Timapulagi tating'ono topanda chingwe timene timagulitsidwa motchipa m'misika timagwira ntchito pokhapokha ngati kiyibodiyo inapangidwa kale kuti izilankhula zilankhulo zonse ziwiri. Ndipo pulagi ya PS/2 musamaizule kapena kuilowetsa kompyuta ili chiyakire.

Za sikirini n'chimodzimodzi. Yakale ili ndi pulagi ya buluu ya timano 15 m'mizere itatu, yotchedwa VGA, imenenso inabwera mu 1987. Makompyuta atsopano ambiri ali ndi HDMI. Adaputala ilipo, koma ili ngati msewu wolowera mbali imodzi: yotenga chithunzi kuchoka pa HDMI kupita pa VGA singabwezenso kuchoka pa VGA kupita pa HDMI. Pogula nenani momveka kuti kompyuta ili ndi khomo liti, sikirini ili ndi liti. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri: dalaivala

Anthu a pa Mwanza safunika kuuzidwa kuti thiraki, ngakhale ikhale yatsopano bwanji, singasunthe popanda dalaivala wodziwa kuiyendetsa. Kompyuta nayo ili ndi madalaivala ake, timapulogalamu timene timaiuza kalankhulidwe ka chipangizo chilichonse. Apa ndi pamene ambiri amagonjera. Chingwe chalowa, nyale yayaka, koma pulinta ikungotulutsa zilembo zosamveka tsamba ndi tsamba, kapena yangoti zii.

Mwayi wake n'ngwakuti mapulinta a riboni ambiri, ngakhale a makampani ena, amamva chilankhulo chimodzi cha Epson chotchedwa ESC/P. Ndiye ngati dalaivala wa pulinta yanu sakupezeka, yesani wa Epson ina ya timisomali 9, monga FX kapena LX. Zikakanikabe, mu Windows muli dalaivala wina wotchedwa Generic / Text Only, amene amangotumiza zilembo zokhazokha, popanda zithunzi kapena zokongoletsa. Pa lisiti ndi inivoisi, chinanso n'chiyani chimene mukufuna?

Vuto lalikulupo lili pa mapulogalamu akale a DOS, aja a sikirini yakuda kapena ya buluu, amene maofesi ena anazolowera kulembera maakaunti ndi kaundula wa katundu. Pulogalamu yotere imafuna pulinta pa khomo lotchedwa LPT1, ndipo chingwe cha USB chija sichiionekera. Apa kakhadi koika m'kati kamathandiza kuposa chingwe. Dziwaninso kuti Windows ya 64-bit siyendetsa payokha mapulogalamu a DOS. Pamafunika pulogalamu ina yonamizira kompyuta yakale, monga DOSBox ndi zinzake. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri, koma ndi ya tsiku limodzi, si yoti munthu n'kutayira kaundula wa zaka khumi.

Masikana ndiwo ovutirapo, chifukwa opanga ambiri amasiya kulemba madalaivala atsopano makinawo akangochoka pa msika. Komabe pali njira ina imene amisiri athu saikonda kuitchula: Linux. Iyi ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta, yaulere, ndipo anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana anasungamo madalaivala a mapulinta ndi masikana ambiri amene Windows inawaiwala kalekale.

Pali kanthu kenanso ka pa malire pano. Kiyibodi yogulidwa ku Tete imakhala ya Chipwitikizi, ili ndi batani la Ç ndipo zizindikiro zina zili pamalo osiyana ndi amene tinazolowera. Munthu amadina ichi, pa sikirini n'kutuluka icho, iye n'kumati kiyibodi ndi yakufa. Siyakufa ayi. Kompyuta ingouzidwa kuti kiyibodi ndi ya Chipwitikizi, zonse zimalongosoka.

Chachitatu: magetsi

Apa ndiye pali moyo wa makina ndi wa munthu yemwe. Mwanza ili pamphambano ya mapulagi atatu. Kuno kwathu timagwiritsa ntchito pulagi ya Chingerezi ya mano atatu amakona. Ya ku South Africa ndi ya mano atatu akuluakulu ozungulira. Ya ku Mozambique kambiri imakhala ya mano awiri ang'onoang'ono ozungulira. Zimene timaona n'zoopsa: munthu kudula pulagi, kusenda mawaya, kuwalowetsa mu soketi n'kutsinira ndi timitengo ta machesi, kapena kutsegula soketi ndi chivindikiro cha bolopeni.

Chonsecho chingwe cha magetsi cha kompyuta ya bokosi ndi cha mapulinta ambiri chimazuka, ndipo mbali ya ku makina n'chofanana dziko lonse lapansi, chonga cha ketulo. Kungosintha chingwe chonse, nkhani yatha. Ngati sichizuka, ikani pulagi yathu yokhala ndi fyuzi, waya wa bulauni ku moto, wa buluu ku mbali inayo, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali la pamwamba. Waya wachitatuyu musamunyoze. Ndi amene amatengera magetsi osochera pansi m'malo moti adutse mwa inu.

Makina ochokera ku America, amene ambiri amabwera ngati mphatso za ku sukulu ndi ku mipingo, ali ndi msampha wawo. Kumeneko magetsi a m'nyumba ndi a 120 volts, kuno ndi a 230. Makompyuta ambiri akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, pafupi ndi polowa chingwe, kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Mukayatsa kali pa 115, mumangomva kuti phu, kenaka fungo. Pulinta zambiri za ku America zilibe n'komwe kaswitchi kameneka, zimafuna thiransifoma. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo musanalowetse pulagi. Ndipo poti magetsi athu amathima n'kubwerera mwaukali, kabokosi koteteza makina ku magetsi obwera mopyola muyeso si kodzionetsera ayi, n'kofunika.

Kompyuta ya pakatikati

Langizo limene ogulitsa sangakupatseni ndi ili: nthawi zina yankho si kompyuta yatsopano kwambiri, koma ya pakatikati. Makompyuta a m'maofesi a zaka za m'ma 2000, monga Dell OptiPlex 755 ya mu 2007, anapangidwa nthawi imene zakale ndi zatsopano zimakhalira limodzi. Kumbuyo kwake kuli khomo la pulinta, la serial, la VGA, pamodzi ndi ma USB ambirimbiri. Kompyuta yotere ili ngati nkhoswe, imadziwa kulankhula ndi mbali zonse ziwiri. Ndipo ndi yomwe imatsika mtengo pa msika wa kaunjika.

Koma pali polekezera. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, ndipo Windows 10 mu October 2025. Kompyuta yoyendera Windows yakale ili ngati nyumba yopanda loko: ili bwino malinga isayang'ane kumsewu. Igwiritseni ntchito yosindikiza ndi kusunga kaundula, koma zolowa pa intaneti, za ku banki ndi za kasitomu, zichitikire pa kompyuta imene ikulandirabe chitetezo.

Nkhoswe yomweyi ndi imene ingakupulumutsireni zolemba zakale. Maofesi, masukulu ndi maparishi ambiri ali ndi makatoni a madisiketi, aja amakona anayi osunga 1.44 MB. Kampani ya Sony inasiya kuwapanga mu 2011, ndipo amene alipo akuonongeka ndi chinyezi, nkhungu ndi kutentha. Kachipangizo kowerengera madisiketi kolowa pa USB kamapezeka. Nayonso hadi disiki ya kompyuta yakufa, kaya ndi yakale ya timano 40 kaya ya SATA, ikhoza kuzulidwa n'kuwerengedwa kudzera pa adaputala. Koperani lero zonse zofunika. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Udindo uli ndi yani?

Woyamba ndi wogula. Musanakwere basi ya ku Joni kapena kutuma m'bale wanu amene ali kumeneko, jambulani pa foni mapulagi a zipangizo zimene muli nazo kale. Adaputala imene ku Johannesburg mukanaigula limodzi ndi kompyuta pa mtengo wochepa, mukafika kuno mudzaisaka mpaka ku Limbe, ulendo wa makilomita oposa 100, thiransipoti yokha kuposa mtengo wa chinthucho.

Achiwiri ndi ogulitsa. Si chilungamo kuuza munthu kuti makina ake anafa pamene mukudziwa kuti akungosowa chingwe. Inde lero mugulitsa pulinta, koma tsiku limene kasitomala adzazindikire, mwamutaya iye ndi abale ake onse. Wogulitsa wanzeru pa Mwanza akanasunga kabokosi ka zingwe ndi maadaputala a mitundu yonse, chifukwa msika wake ulipo, kuyambira kwa maejenti a pa boda mpaka ku masukulu a ku Thambani, Kunenekude ndi ku Neno.

Achitatu ndi abwenzi athu opereka mphatso. Tikuthokoza, koma kompyuta yopanda zingwe zake, yopanda madalaivala, ya magetsi a dziko lina, si mphatso, ndi katundu woti mphunzitsi wamkulu azisowa pomuika. Lipoti la United Nations la m'chaka cha 2024 linati mu 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Pangano la ku Basel la mu 1989 ndi la ku Bamako la mu 1991 anapangidwa pofuna kuletsa maiko olemera kusandutsa maiko osauka dzala. Sikirini zakale za chimimba zili ndi mtovu m'galasi lake, ndipo ana akamaotcha mawaya kuti apeze kopa amapuma utsi wa poizoni. Pulinta iliyonse imene yabwezeredwa pa ntchito ndi chinyalala chimodzi chimene sichinapite kudzala.

Achinayi ndi boma ndi mabungwe ake. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lionetsetse kuti achinyamata ophunzira za makompyuta sakungodziwa kutayipa ndi kuika Windows, koma akudziwanso kugwira sikuludalaiva, kuyeza magetsi ndi kuwotcherera waya. Mnyamata wodziwa kusiyanitsa khomo la parallel ndi la serial sangagone ndi njala pa tauni ya pa malire. Nalo bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards liziyang'anitsitsa maadaputala a magetsi olowa m'dziko muno, chifukwa ena ndi opepuka ngati chikho cha chimanga ndipo ndi amene amayambitsa moto.

Maiko a ku Ulaya anatopa nawo mavuto a mapulagi mpaka anachita kukhazikitsa lamulo loti kuyambira pa 28 December 2024 mafoni onse atsopano ogulitsidwa kumeneko azikhala ndi khomo limodzi la USB-C. Iwo ali ndi mphamvu zolamula opanga. Ife tilibe. Mphamvu yathu ili pa kudziwa zimene tikugula ndi kusamala zimene tili nazo kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choncho inu a maofesi a pa boda, aphunzitsi akuluakulu, alembi a m'mipingo ndi a mabizinesi otayipa, kwerani pa mpando mutsitse pulinta ija pamwamba pa kabati. Ipukuteni fumbi, muwerenge mano a pulagi yake, muwerengenso kachikwangwani ka magetsi, ndipo mukafunse kwa mmisiri amene sagulitsa mapulinta. Mukatero mudzadziwa ngati ikufunika manda kapena chingwe.